Shuga Watsika, Koma Wodwala Sanachire

Anthu a kwathu kuno ku Harare akadziwa kuti ndine namwino, funso lawo limakhala la nambala ya shuga wa m'magazi. Tikatuluka m'tchalitchi cha CCAP Lamlungu, kapena tikakumana pa maliro ku Mabvuku, ku Tafara kapena ku Dzivarasekwa, sipalephera munthu wondikokera pambali. "Mwana wanga, m'mawa uno kamakina kanena 13. Ndi zoopsa?" Ena amasunga kabuku kolembamo manambala awo mwaukhondo, ndipo ine ndimakondwera nako kabukuko, chifukwa munthu woyeza shuga wake amakhala kuti wayamba kale kudzisamala. Koma pali vuto lina la matenda a shuga limene nambalayo imatha kusocheretsa aliyense, wodwala, abale ake, ngakhale namwino amene wangoyamba kumene ntchito. Kuchipatala timalitchula kuti DKA, chidule cha diabetic ketoacidosis. Ndakhala ndikulandira odwala mwadzidzidzi pa chipatala china chachikulu mumzinda uno kwa nthawi yaitali, ndipo matenda amenewa amandipweteka mtima mwapadera, chifukwa amapha achinyamata, komanso chifukwa amachizika ndithu ngati ogwira ntchito sakuchotsa maso.

Shuga amene timapeza m'zakudya salowa m'minofu payekha. Pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kachiwalo kotchedwa pancreas, kuseri kwa chifu. Insulini ikasowa, shuga amangodzaza m'magazi pamene minofu ikulira njala, ngati banja logona ndi njala nkhokwe ili yodzaza chifukwa palibe wotsegula. Thupi likaona choncho limayamba kuswa mafuta ake kuti lipeze mphamvu, ndipo chiwindi chimasandutsa mafutawo kukhala maketoni. Maketoniwo ndi asidi. Nthawi yomweyo impso zimalimbana ndi kutaya shuga wochulukayo mumkodzo, ndipo shuga akamatuluka amakoka madzi ndi mchere wa m'thupi. Munthu amakodza pafupipafupi, ludzu silimutha, kenako amayamba kusanza. Akangoyamba kusanza ndiye kuti sangathenso kubwezera madzi amene akutaya. Munthu wamkulu amatha kufika kwa ife atataya malita 6 kapena kuposa apo.

Chimene chimamupha munthuyu ndi kutha kwa madziko, asidi wodzaza m'magazi, ndi kusokonekera kwa mchere wotchedwa potaziyamu umene mtima umadalira. Shuga wokwerayo ndi amene amaoneka pa kamakina, koma ndi mbali imodzi chabe. Kuti tinene kuti iyi ndi DKA timafuna zinthu zitatu pamodzi: shuga woposa 11 kapena munthu wodziwika kale kuti ali ndi matendawa, maketoni ofika 3 m'magazi kapena 2+ mumkodzo, ndi magazi a asidi, kutanthauza pH (muyeso wa asidi, umene umatsika asidi akamachuluka) yosafika 7.3 kapena bicarbonate (mchere wolimbana ndi asidi m'magazi) wosafika 15. Taonani nambala yoyambayo. Ndi 11 basi, nambala imene agogo ambiri amayenda nayo mpaka ku Mbare Musika n'kubwerako bwinobwino. Wina akhoza kukhala pa 28 wopanda asidi, wina ali pa 16 koma moyo uli pachiswe. Amayi oyembekezera, komanso anthu amene akumwa mapiritsi atsopano monga empagliflozin ndi dapagliflozin, amatha kugwidwa ndi DKA shuga wawo asanakwere kwenikweni.

Nthawi zambiri matendawa amayambira kunyumba masiku angapo munthu asanafike pa khomo lathu, ndipo mawu amene ndimamva kawirikawiri ndi awa: "Asisita, sakudya kanthu, ndiye tinaopa kumubaya." Abalewo sanachite mwaulesi. Anaphunzitsidwa kuti jakisoni popanda chakudya amagwetsa shuga mpaka munthu kukomoka, ndipo zimenezo n'zoona. Chimene sanauzidwe mokwanira n'chakuti munthu akadwala, kaya ndi chibayo, malungo kapena chilonda cha kuphazi, chiwindi chimatulutsa shuga chokha ngakhale asanalawe phala, ndipo thupi limafuna insulini yambiri kuposa masiku onse. Tsiku limene akuona kuti jakisoni ndi wosafunika ndilo tsiku limene akufunika kwambiri.

Pali ena amene amasiya chifukwa cha ndalama. Insulini m'mafamase ambiri imafuna madola a ku America, ndipo mwezi ukamapita kumapeto munthu amayamba kuchepetsa mlingo kuti botolo lifike pa malipiro. Izi zimandiwawa ndikakumbukira mbiri ya mankhwalawa. Frederick Banting ndi Charles Best anayamba ntchito yawo ku Toronto mu 1921, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa insulini. Isanafike nthawi imeneyo, mwana wopezeka ndi matendawa ankangodikira imfa, ndipo imfayo inali iyi yomweyi ya asidi. Eni ake anagulitsa umwini wa mankhwalawo ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti afike kwa onse. Padutsa zaka zoposa 100, koma mayi wa ku Epworth akuwerengabe madontho m'botolo.

Enanso insulini imawaonongekera m'manja. Magetsi akazima nthawi yaitali firiji imatentha, ndipo amene amapita kumudzi pa basi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza amadziwa mmene dzuwa la ku Tete limawotchera chikwama. Ndipo alipo amene amauzidwa pa mapemphero kuti achira, ataye majakisoni. Ine ndine wopemphera, sindinyoza pemphero la munthu. Koma ndaona atsikana akubwera nawo atanyamulidwa patangopita masiku ochepa chitayireni mankhwala, ndipo pa nkhani imeneyi sindingalankhule mozungulira: pempherani, jakisoni musasiye.

Anthu a mu Harare sanaiwale kolera, makamaka wa mu 2018 amene anavuta ku Glen View ndi ku Budiriro. Tinaphunzira bwino kuti munthu wosanza ndi wofooka timupatse madzi a mchere ndi shuga, ndipo phunziro limenelo lapulumutsa ambiri. Koma ngati wosanzayo ali ndi matenda a shuga, kapena wakhala akukodza kwambiri ndi kuonda, madziwo sangamuchize pakhomo. Ena amamupatsa zakumwa zotsekemera botolo ndi botolo chifukwa akulira ludzu. Nthawi ikupita.

Akafika kwa ife, choyamba kundiuza ndi kapumidwe. Munthu wa DKA amapuma mozama, mokoka, mosalekeza, ngati wathamanga mtunda pamene wagona chigonere. Dokotala wa ku Germany, Adolf Kussmaul, anafotokoza kapumidwe kameneka mu 1874, ndipo mpaka lero timakatchula ndi dzina lake. Si mapapo amene adwala. Thupi likuyesa kutaya asidi kudzera mu mpweya. Abale amati ndi mphumu kapena chibayo, koma ukamvetsera pachifuwa nthawi zambiri mumamveka bwino. Mpweya wake umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ngakhale si mphuno ya aliyense imene imamva fungolo, choncho sitilidalira. Lilime limakhala louma gwa, maso olowa, mtima ukuthamanga. Ambiri amalira m'mimba kwambiri moti munthu angaganize za opaleshoni, koma asidi akamachepa ululuwo umatha wokha. Ukapanda kutha, pamenepo timafufuza china.

N'chifukwa chake ndimauza ophunzira unamwino kuti aliyense wobwera akusanza, akupuma modabwitsa kapena akuodzera, mubayeni chala muyeze shuga. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Shuga akapezeka wokwera, funani mkodzo nthawi yomweyo muyeze maketoni.

Zoyamba ndi zomwe timachita kwa wodwala aliyense wovutika. Ngati akuodzera timamugoneka chammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo, ndipo ngati sakudzuka bwino adokotala amalamula kachubu kodutsa m'mphuno kotulutsa za m'mimba. Timafuna mitsempha iwiri, ngakhale kuti mwa munthu wouma chotere mitsempha imabisala ndipo pamafunika dzanja lodekha. Timatenga magazi opita ku labu, n'kupachika dilipi ya madzi a mchere, normal saline. Kwa munthu wamkulu lita yoyamba imalowa mu ola limodzi, ndipo ngati BP yake yapamwamba ili pansi pa 90 timathamangitsa theka la lita m'mphindi 10 mpaka 15. Malita otsatira amalowa pang'onopang'ono, awiri pa maola awiriawiri, kenako pa maola anayi. Apa abale amayamba kudandaula: shuga ali pa 30, bwanji mukungomuthira madzi? Madziwo ndiye mankhwala oyamba. Amadzutsa impso, amabweza BP, ndipo shuga amayamba kutsika ndi madzi okhawo. Koma manambala amenewa si a aliyense. Agogo a mtima wofooka, munthu wa impso zodwala, mayi woyembekezera, wachinyamata wochepa thupi, onsewa madzi othamanga akhoza kuwadzaza m'mapapo, ndiye namwino amabwerera kukamvetsera chifuwa thumba lililonse likamatha.

Potaziyamu ndiye amene amandisowetsa tulo. Munthuyu wataya wambiri mumkodzo ndi m'masanzi, koma magazi oyamba amatha kuonetsa kuti ali bwino, mwinanso wokwera, chifukwa kusowa kwa insulini kwamutulutsa m'minofu n'kumusiya m'magazi. Tikangoyamba insulini, potaziyamu uja amabwerera m'minofu, ndipo m'magazi amatsika msanga m'maola ochepa. Mtima umayamba kugunda mosokonekera ndipo ukhoza kuima, wodwala akuoneka ngati akupeza bwino, shuga wake akutsika mokondweretsa. Choncho ngati potaziyamu ali pamwamba pa 5.5 sitionjezera. Pakati pa 3.5 ndi 5.5 timathira m'matumba otsatira, titatsimikiza kuti mkodzo ukutuluka. Akakhala pansi pa 3.5 timaitana dokotala wamkulu mwamsanga, ndipo insulini imayamba yadikira kaye. Potaziyamu sabayidwa mwachindunji mumtsempha ndi sirinji, zivute zitani. Amasakanizidwa m'thumba, thumbalo n'kulitembenuza kangapo kuti asakhale pansi, n'kulilemba moonekera kuti wolowa ntchito pambuyo pako adziwe zimene zili mmenemo. Zotsatira za ku labu zikachedwa, namwino sakhala pansi kudikira. Amaimba foni, amatuma munthu, amapita yekha, ndipo pakadali pano amayang'ana mtima pa ECG, makina ojambula kugunda kwa mtima.

Insulini yake ndi ija yoyera ngati madzi, yogwira msanga, monga Actrapid. Mlingo wake ndi mayunitsi 0.1 pa kilogalamu iliyonse pa ola, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 60 amalandira mayunitsi 6 pa ola. Pamene pali pampu timasakaniza mayunitsi 50 m'madzi okwana mamililita 50, makina n'kumakankha okha. Pampu sizikwanira odwala onse, ndipo pamene palibe, adokotala amalemba jakisoni wa mumnofu ola lililonse. Njira imeneyi imagwira ntchito, koma imadalira munthu mmodzi kukumbukira ndi kubwera, ola ndi ola, usiku wonse.

Tsopano pali malo amene anthu ambiri amapunthwa. Pakapita maola angapo shuga amatsika kufika pa 14, ndipo aliyense amapuma. Koma shuga amatsika msanga kuposa asidi. Ukaimitsa insulini pamenepa, thupi limayambiranso kuswa mafuta, maketoni n'kubwerera, ntchito yonse ya usiku n'kupita pachabe. Chimene timachita ndi kupachika dilipi ya shuga, dextrose ya 10 peresenti, pambali pa madzi a mchere aja, kuti insulini ipitirire popanda kumugwetsa wodwala. Adokotala akhoza kuchepetsa mlingo, koma osaimitsa.

Usiku wina amalume a mtsikana wina, bambo achikulire obadwira ku Dedza amene anakalambira ku Mufakose, anawerenga zolembedwa pa thumba n'kuimirira.

"Mwana wanga, ndaona bwino kodi? Mukumuthira shuga munthu wa shuga?"

"Mwaona bwino, bambo. Khalani pansi ndikufotokozereni."

"Ife kunyumba tamuletsa ngakhale tiyi wa shuga. Ndiye inu?"

Ndinawauza kuti mdani amene tikulimbana naye tsopano ndi asidi, ndipo chochotsa asidiyo ndi insulini yokha. Kuti tipitirize kumupatsa insulini popanda kumukomola, tiyenera kumupatsanso shuga woyezedwa. Ndinawaonetsa tchati, mzere wa shuga ndi mzere wa kapumidwe, kuti aone okha kuti wina watsika koma winayo akadali pamwamba. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pitirizani, amayi. Ndikawauza kunjaku." Kwa ife Achewa amalume akamvetsa ndiye kuti banja lonse lamvetsa, ndipo mphindi zimene ndinakhala nawo sindiziwerengera ngati zotayika. Banja losamvetsa limatha kutseka dilipi namwino atatembenuka, chifukwa cha chikondi chomwecho.

Timapepala toyezera mkodzo natonso timafuna kusamala. Timaona mtundu umodzi wa maketoni, acetoacetate, pamene wochuluka m'magazi ndi wina, beta-hydroxybutyrate. Wodwala akamachira, wachiwiriyu amasanduka woyamba uja, ndiye kapepala kamatha kukhalabe kofiirira kwambiri munthu akupeza bwino. Pamene pali kamakina koyeza maketoni m'magazi timafuna azitsika ndi 0.5 pa ola, shuga azitsika ndi 3 pa ola. Pamene palibe, timadalira bicarbonate wa ku labu ndi maso athu: kodi kupuma kwafatsa, kodi kusanza kwaleka, kodi akuyankha bwino kuposa ola lapitalo? Manambala akapanda kusuntha, ndisanaganize zachilendo ndimayang'ana kaye ngati dilipi ikuyendadi, ngati singano sinatuluke mumtsempha, ngati chubu sichinapindike pansi pa mkono.

Unamwino wa DKA ndi umenewu, kubwerera ola lililonse. Shuga, kugunda kwa mtima, BP, kapumidwe, madzi olowa, mkodzo wotuluka, ndi mmene akudzukira, zonse zilembedwe pa nthawi yake, osati kudzaza tchati m'mawa kuchokera m'mutu. Mkodzo timafuna usachepere theka la mililita pa kilogalamu pa ola. Usiku umene namwino mmodzi ali ndi odwala ambiri, ovulala pa ngozi za makombi akulowa, kubwerera kumeneku kumavuta zedi, ndipo wodwala wa DKA sakuwa, amangogona. Ine ndimapempha wachibale wodikirira kuti andisungire mkodzo wonse m'chiwiya choyezera ndi kundiitana thumba likatsala pang'ono. Poyeza kudzuka kwa munthu, chinenero chimalowapo. Agogo amene akhala akulankhula Chishona zaka zonse, akadwala kwambiri amabwerera ku Chichewa kapena Chiyao, ndipo wosadziwa angalembe kuti asokonezeka mutu. Anzanga akandiitana ndimawerama n'kufunsa, "Agogo, muli kuti kuno? Wabwera nanu ndani?" Akayankha molongosoka, tchati chimalembedwa zina, ndipo chithandizo chimatsatira zolembedwazo.

Ana ali ndi malamulo awo, ndipo amene wazolowera akuluakulu asawayerekeze. Choopsa chachikulu kwa iwo ndi kutupa kwa ubongo, kumene kumabwera kawirikawiri chithandizo chitayamba kale. Madzi awo amawerengedwa ndi sikelo ndipo amabwezedwa pa maola 24 mpaka 48, insulini imayamba patapita ola chiyambireni dilipi. Mwana amene anayamba kucheza akayamba kulira mutu, kukwiyakwiya, kuodzera, kapena mtima wake kuyamba kugunda pang'onopang'ono BP ikukwera, sitidikira. Timakweza kumutu kwa bedi, kuitana dokotala, ndipo mankhwala ochepetsa kutupako, mannitol kapena madzi a mchere a 3 peresenti, ayenera kukhala pafupi kuyambira pachiyambi. Ana ambiri amafika ndi DKA makolo asakudziwa n'komwe kuti ali ndi shuga. Ukafunsa bwino umamva kuti mwana amene anasiya kalekale wayambanso kukodza pogona, akumwa madzi osakhuta, yunifolomu yamukulira, ndipo pamene wakodza pakusonkhana nyerere.

Mkati mwa zonsezi timafunafuna chimene chayambitsa. Timavula masokosi kuona mapazi, timayang'ana m'kamwa, pakhungu, pobisika pamene chithupsa chingakhale, timayeza mkodzo ndi chifuwa. Kusatentha thupi sikutanthauza kuti palibe matenda, chifukwa odwala DKA ambiri amakhala ozizira ngakhale tizilombo tili m'magazi. Mu Harare malungo si ofala, n'chifukwa chake ndimafunsa anthu athu ngati abwera kumene kuchokera kumudzi. Kwa achikulire timajambula mtima, pakuti munthu wa shuga amatha kudwala mtima popanda kumva kupweteka pachifuwa.

Timati DKA yatha maketoni a m'magazi akatsika pansi pa 0.6, pH itakwera kupitirira 7.3, munthu akutha kudya osasanza. Ngakhale pamenepo dilipi ya insulini sitiichotsa mwadzidzidzi, chifukwa insulini ya mumtsempha imatha m'thupi m'mphindi zochepa. Timamubaya kaye jakisoni wake wa pakhungu, adye, papite mphindi 30 mpaka ola, kenako titseke. Izi zimayenda bwino pa chakudya cha m'mawa kapena cha masana, pamene maso ali ambiri, osati pakati pa usiku.

Asanatuluke ndimakhala pansi ndi wodwala pamodzi ndi amene amamuphikira, ndipo ndimawapempha abwereze ndi pakamwa pawo zimene ndanena. Tsiku lodwala jakisoni sasiyidwa. Ngati nsima ikukanika, amwe phala lamadzimadzi kapena tiyi wa shuga pang'ono, moduladula, ndi madzi ambiri, shuga aziyezedwa pa maola atatu kapena anayi alionse. Botolo losatsegula likhale m'firiji koma lisaume ndi chisanu, pakuti insulini youma yaonongeka. Limene akugwiritsa ntchito limatha kukhala pafupifupi milungu inayi pamalo ozizira bwino, ndipo kumene magetsi savomera, mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, woikidwa pamthunzi, umathandiza. Pa ulendo wa kumudzi insulini ikhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa basi. Amene angathe agule kabotolo ka timapepala ta mkodzo, n'kotsika mtengo poyerekeza ndi usiku umodzi wa m'chipatala. Mankhwala akatsala a masiku ochepa ndalama palibe, apite ku kiliniki akanene asanathe, ndipo bungwe la Zimbabwe Diabetes Association lilipo loti munthu akafunseko uphungu.

Akasanza kawiri katatu osasunga ngakhale madzi, akayamba kupweteka m'mimba, kupuma mokoka kapena kuodzera, asadikire kuti kuche ndiponso asayambe ayang'ana ngati nambala yakwera mokwanira. Kaya ndi ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kumene akuluakulu amakutchulabe kuti ku Gomo, ku Chitungwiza kapena chipatala chilichonse chapafupi, atenge khadi ndi mabotolo ake onse. Pofika pakhomo wachibale asangokhala pa benchi kudikira mzere. Apite kwa namwino wolandira odwala akanene kuti, "Ali ndi shuga, amabaya insulini, akusanza kuyambira dzulo."